Supercharger ya injini ya 4A-GE pa galimoto yopanga nokha: M45, M62, SC14 kapena Rotrex?

Funso: Ndimakhala ku Johannesburg, ndipo chaka chino ndi chachiwiri ndikupanga ndekha kagalimoto ka mipando iwiri kofanana ndi Lotus Seven. Injini ndi Toyota 4A-GE ya mavalavu 16, ya smallport (ya mabowo aang'ono olowera mpweya), ndipo sinatsegulidwepo. Ndikufuna kuikapo supercharger, makina oyendetsedwa ndi lamba okankhira mpweya wochuluka m'injini. Kogulitsa zida za galimoto zakufa ndapezako zitatu: Eaton M45 ya Mini Cooper S, Eaton M62 ya Benz Kompressor, ndi SC14 ya Toyota Previa. Mnzanga wina akuti nditenge yaikulu kuposa zonse, wina akuti ndidikire ndalama zikwane ndigule Rotrex. Nditenge iti?

Yankho: Achimwene, pa zitatu mwapezazo tengani M45. Koma musaimange ndi pule imene yabwera nayo, ndipo musathamangire boost (kupanikizika kwa mpweya wolowa m'injini kuposa wa panja) yoposa 0.5 bar injiniyo ikadali ndi mapisitoni ake a kufakitale. Mnzanu wokonda zazikuluyo musamumvere pa nkhani iyi. Supercharger siisankhidwa poyang'ana thupi lake kapena dzina la galimoto imene yachokera. Imasankhidwa powerengera malita a mpweya amene injini yanu ingathe kumeza komanso kutentha kumene ingapirire.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ndi amene amathetsa mkangano wonsewu.

Injini yanu ndi ya 1,587 cc. Silinda iliyonse imakoka mpweya kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri, choncho pa kuzungulira kumodzi injini yonse imakoka theka lake, malita 0.79. Masilinda sadzaza ndendende. Tinene kuti amadzaza magawo 90 pa 100, ndiye kuti malita 0.71. Tsopano mukufuna kuti mpweya wa mu manifold (mapaipi olowetsa mpweya m'masilinda) ukhale wopanikizika kamodzi ndi theka kuposa wa panja, zimene kunyanja, ndiko kuti pa malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, zimaoneka ngati 0.5 bar pa geji. Mpweya wopanikizidwa umatentha, ndipo wotentha umatukuka, ndiye ngakhale utadutsa mu intercooler, choziziritsa mpweyawo, kuchindikala kwake sikufika 1.5, kumathera cha pa 1.4. Chulukitsani 0.71 ndi 1.4, mupeza lita imodzi. Nambala yofunika kuisunga m'mutu ndi imeneyo: pa kuzungulira kulikonse kwa crankshaft, supercharger iyenera kukankha lita imodzi ya mpweya wa panja.

Zitatu mwapezazo zonse ndi za mtundu wa Roots. Sizipanikiza mpweya m'kati mwake. Zimangotunga muyezo umodzimodzi n'kuukankhira kutsogolo, ngati munthu wothira chimanga m'thumba ndi chitini chimodzi, ndipo boost imabwera chifukwa injini ikulephera kumeza zonse zimene ikupatsidwa. Nambala ya pa dzina la Eaton ndi muyezo wa chitinicho m'ma cubic inch. M45 imatunga malita pafupifupi 0.75 ikazungulira kamodzi, M62 lita imodzi, pomwe SC14 ya Toyota imatunga cha m'ma 1.4. Mpweya wina umathawira m'mbuyo kudzera m'mipata ya pakati pa marota (zitsulo zozungulira m'kati mwake) ndi khoma, choncho pa Eaton yabwino werengerani magawo 85 pa 100. M45 ndiye ikupatsani malita 0.64 enieni. Gawani lita imodzi ija ndi 0.64, mupeza pafupifupi 1.57: supercharger izizungulira ka 1.57 pomwe injini yazungulira kamodzi. Injini ikafika 7,500 rpm, M45 ikhala ili pa 11,800 rpm. Limeneli ndi liwiro labwino kwa iyo, chifukwa imayamba kuvutika ndi kungotenthetsa mpweya ikadutsa cha m'ma 14,000.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphera injini. Pule ya kufakitale ya M45 ya Mini ndi yaing'ono, cha m'ma 65 mm. Yezani pule ya pa crankshaft yanu. Ikapezeka ya 130 mm, ndiye kuti mukangolumikiza lamba supercharger izizungulira kawiri pa kuzungulira kumodzi kwa injini, 15,000 rpm pamwamba, ndipo boost iyandikira 0.9 bar. Pa compression (kupanikiza kwa pisitoni m'silinda) ya 10.3:1 imene smallport ili nayo, mapisitoni sachedwa kuthyoka pa timizere togwira maring'i. Pule imene mukufuna ndi 130 kugawa ndi 1.57, yomwe ndi 83 mm. Pitani kwa wa lathe akupangireni ziwiri, ya 83 ndi ya 90 mm, ndipo muyambe ndi ya 90. Masamuwa amakufikitsani pafupi chabe. Makamu, ekizozi ndi kutha kwa marota zimasuntha boost pang'ono uku kapena uku, ndiye nkwabwino kuyambira pansi n'kumakwera. Pule ya Mini ndi yopanikizira pa shafiti, ndipo imachotsedwa ndi chokokera chake. Mukaimenya ndi hamala mupha mabering'i a ku mphuno.

M62 si yoipa. Pa masamu omwewo imafuna 1.18, ndipo pa 7,500 rpm imangofika 8,850, kutanthauza kuti ili ndi mpata waukulu wokulira. Mukanakhala kuti mukutsegula injini n'kuikamo mapisitoni a 4A-GZE (mtundu wa injiniyi wobwera ndi supercharger kufakitale) a 8.9:1 kuti mudzafike 0.8 bar kapena kuposa, ndikanati tengani imeneyo, chifukwa M45 pa 0.7 bar imakhala itafika kale 13,300 rpm. Vuto lake pa galimoto yanu ndi la malo ndi pule. Ndi yaitali, ndipo za Benz za m'ma 1990 zili ndi kilatchi ya magetsi pa pule, imene ndi yaikulu, yolemera komanso yovuta kusintha kukula kwake. Kuti musinthe boost mumakakamizika kusintha pule ya pa crankshaft, ntchito yodula kwambiri.

SC14 isiyeni. Marota ake ndi a makutu awiri owongoka, osapotana ngati a Eaton, ndiye imakankha mpweya modukizadukiza ndipo imautenthetsa kwambiri. Pa injini ya 1.6 mungafunike kuizungulitsa pang'onopang'ono kuposa injini yeniyeniyo, ndipo Roots yoyenda pang'onopang'ono imataya gawo lalikulu la mpweya m'mipata ija. Mumanyamula chitsulo cholemera n'kupeza boost yofooka pa ma rev otsika, pomwe ndi pamene Roots imayenera kuonetsa mphamvu zake. Toyota yomwe, pa 4A-GZE, inagwiritsa ntchito SC12 ya malita 1.2, osati SC14, ndipo inatsitsa compression kufika 8.0:1 pa injini zoyamba.

Nanga Rotrex? Mnzanu wachiwiriyo ali ndi mfundo, ndipo ndalama zikanakhala kuti si vuto ndikanagwirizana naye. Rotrex, yopangidwa ku Denmark, ndi ya mtundu wa centrifugal, ili ngati theka la turbo loyendetsedwa ndi lamba. Boost yake imakula mogwirizana ndi ma rev ochulukitsidwa okhaokha, kutanthauza kuti ikapereka 0.6 bar pa 7,500 rpm, pa 3,750 ipereka cha m'ma 0.15 basi. Pa galimoto yolemera zimenezi ndi zokhumudwitsa. Pa kagalimoto ka makilogalamu 550 mpaka 600 ndi ubwino, chifukwa matayala a kumbuyo saterereka mukamatuluka pa kona, ndipo injini ya compression yokwera imapuma pa ma rev apakati, pomwe detonation, kuphulika kwa petulo payekha m'silinda, imakonda kuluma. Ndi yaing'ono ngati alternator, ndiye imalowa mosavuta pansi pa boneti yopapatiza. Ya kukula kwa C30 ndi imene imayenera injini ya 1.6. Koma imabwera ndi ntchito zake: thanki yake ya oyilo, sefa, kozizira kake, ndi oyilo wapadera wa kampaniyo amene salowedwa m'malo ndi wina aliyense. M'kati mwake mulibe magiya, muli timawilo togwirana ndi mphamvu ya oyiloyo, ndipo tikangoterereka kamodzi chifukwa cha oyilo wolakwika kapena kuilizitsa youma, yatha. N'chifukwa chake Rotrex yogwiritsidwapo kale, yopanda mbiri yodziwika, ndi juga. Yatsopano mtengo wake ungapose wa injini yanu yonse.

Tinthu tamagetsi totchipa togulitsidwa pa intaneti ndi dzina la supercharger tisakutayitseni nthawi. Kukankha mpweya umene tawerengerawu kumadya pafupifupi 10 kW. Pa batire ya 12 V ndi ma amp oposa 800. Kafani ka pulasitiki sikangathe.

10 kW imeneyo musaiiwale, chifukwa imachoka pa crankshaft yanu kudzera pa lamba. Injini ngati yanu imapereka pakati pa 90 ndi 100 kW kunyanja. Tengani 95, chulukitsani ndi 1.4, chotsani 10, mutsala ndi 120 mpaka 125 kW. Ku Johannesburg, pa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka ndi magawo 17 pa 100, ndiye yembekezerani 100 kW ndi kakusefukira, pomwe panopa ikupereka yosafika 80. Wokulonjezani 150 kW pa mapisitoni amenewo akukugulitsani injini ina yam'tsogolo. Koma pa galimoto yopepuka chonchi kusiyanako mudzakumva pamsana, makamaka pakati pa 2,500 ndi 5,000 rpm pomwe 4A-GE imakhala yaulesi.

Nkhani ya kutalika kwa malo ili ndi msampha wina. Roots imachulukitsa mpweya umene yaupeza, siiwerenga geji. Ku Johannesburg mpweya wa panja ndi 0.82 bar kapena 0.83. Mukauchulukitsa ndi 1.5 mupeza 1.24, ndipo geji yanu isonyeza 0.4 bar yokha. Mukaona 0.4 n'kuganiza kuti pule yakula, n'kuichepetsa mpaka geji inene 0.5, mwafika pa 1.6. Tsiku limene mudzatsikire ku Durban, pule yomweyo idzapereka 0.6 bar pamwamba pa mpweya wolemera kale, ndipo m'masilinda mudzalowa 1.6 bar pomwe injini inazolowera 1.3. Choncho 0.4 pa geji kwanuko ndiye 0.5 tikunenayi. Petulo nayenso: kumtundako mumapezeka 93 ndi 95. Injini iyi izimwa 95 nthawi zonse.

Mdani weniweni wa ntchito yonseyi ndi kutentha. Mpweya wa 30°C ukapanikizidwa ka 1.5 ndi makina osataya kanthu ungakwere ndi madigiri 37. Makina otero kulibe. Eaton yakale ngati M45 imagwira bwino ntchito mwina magawo 55 pa 100, ndiye mpweya umakwera ndi madigiri 67 n'kutuluka uli pafupi kufika 100°C. Rotrex, pa magawo 70, ingautulutse cha m'ma 83°C. Mpweya wa 100°C ukalowa m'silinda ya 10.3:1, petulo amaphulika yekha moto wa pulagi usanamufikire. Imeneyo ndiyo detonation. Imamveka ngati misomali ikugwedezedwa m'chitini, koma m'galimoto yopanda denga, ekizozi ili pambali pa khutu, simudzaimva. Mudzangoona utsi wa oyilo ukutuluka pa chivundikiro cha mavalavu.

Ndiye intercooler siyochita kufunsa. Mphuno ya galimoto ya mtundu wa Seven ndi yaing'ono, ndipo intercooler ikaikidwa kutsogolo kwa redieta imaibisira mphepo. Njira ziwiri zimagwira. Yoyamba ndi intercooler yopyapyala, ya 50 mpaka 60 mm, yokhala kutsogolo, mipata yonse ya m'mbali itatsekedwa ndi malata a aluminiyamu kuti mphepo isalambalale, komanso potulukira mpweya wotentha pa boneti. Yachiwiri ndi yozizira ndi madzi, yokhala pafupi ndi manifold, ndi kapampu kamagetsi ndi karedieta kake. Yachiwiriyi imafupikitsa mapaipi koma imawonjezera kulemera ndi zinthu zoti zingafe. Iliyonse mungasankhe, cholinga n'chakuti mpweya wolowa m'injini usadutse 50°C pa tsiku lotentha. Mapaipi a 50 mm kapena 57 mm ndi okwanira. Kumapeto kwa paipi iliyonse kukhale kamlomo kotukuka, apo ayi paipi ya labala idzavuka pa boost.

Throttle (kachitseko ka mpweya kotsegulidwa ndi phazi) ndi bypass valve (vavu yolambalalitsa mpweya) zimasokoneza anthu ambiri. Pa Mini throttle ili kutsogolo kwa supercharger, ndipo intercooler ili pomwepo pamwamba pa injini, njira ya mpweya ndi yaifupi. Mukatengera dongosolo lomwelo koma intercooler ili ku mphuno, pakati pa throttle ndi mavalavu pamakhala malita ambiri a mpweya. Zotsatira zake n'zakuti mukachotsa phazi ma rev amachedwa kutsika, kenako amagwa mpaka injini kuzima pa maloboti. Mukaika throttle pa manifold, kumbuyo kwa zonse, injini imamvera phazi msanga, koma throttle ikatsekeka supercharger imakhala ikukankhabe, ndipo mpweya ukasowa kolowera lamba amalira, mapaipi amavuka kapena shafiti imavulala. Njira iyi imafuna bypass yaikulu, yosachepera 35 mm, yotsegulidwa ndi vacuum ya mu manifold, yobweza mpweya kolowera supercharger, ndipo ikhale yotsegula pa idle ndi poyenda pang'onopang'ono, osati pongosintha magiya. Kavalavu ka turbo kopemerera panja sikakwana. Pa galimoto yanu ndingasankhe njira yachiwiriyi. Popeza smallport inapangidwira galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo, manifold yake imaloza kumbuyo injini ikaikidwa chautali, ndiye muidula n'kuiwotchereranso basi. Chitani zonse nthawi imodzi. Kumbukiraninso kuti mbali ya manifold ndi yomwe kumadutsa shafiti ya chiwongolero, choncho dulani katoni ya kukula kwa M45 muyese malo musanalipire.

Musanaimange, tsimikizani mbali imene ikuzungulira. Zungulitsani pule ndi dzanja mbali imene crankshaft yanu imazungulira, muone ngati mpweya ukutulukira koyenera. Kumbuyo kwa M45 ya Mini kuli timagiya toyendetsa pampu ya madzi, tokhala ndi oyilo wakewake amene nthawi zambiri amauma magiyawo n'kudyeka. Inu simutifuna. Tichotseni mutseke ndi mbale ya aluminiyamu, koma mabering'i a marota a kumbuyo asiyidwe ndi girisi wawo. Pogula, suzumirani m'kati ndi tochi. Utoto wa pa marota ukhale wosasupuka kwambiri, ndipo khoma lisakhale ndi mizere yogwira chikhadabo. Gwirani rota ndi chala n'kugwedeza pule uku ndi uku. Ikamachita khokhokho, ndi kapulasitiki kolumikizira ka m'mphuno, kotchipa ndipo kosavuta kusintha. Koma marota akamakhudzana kapena kukhula khoma, isiyeni pomwepo. Oyilo wa kutsogolo ndi wochepa, wosadzaza ngakhale kapu, ndipo ndi wa supercharger, osati wa injini. Musadabwe ndi fungo lake, amanunkha choncho ngakhale ali bwino.

Bulaketi ndi lamba ndi zimene zimasiyanitsa galimoto yoyenda ndi yongokhalira m'galaja. Lamba akhale wa mizere 6, wolembedwa 6PK. Wa mizere 4 amaterereka pamwamba, ndipo chizindikiro chake ndi fumbi lakuda pa bulaketi ndi boost yomwe imakwera kufika 5,500 rpm kenako n'kuyamba kutsika. Lamba azikulunga theka la pule ya supercharger, ndipo ngati sakufika onjezani kawilo kopanda ntchito kom'kankhira m'kati. Tensioner ikhale ya sipuling'i, ku mbali yolendewera ya lamba, osati yokoka. Bulaketi ipangidwe ndi chitsulo cha 8 mpaka 10 mm kapena aluminiyamu wa 12 mm, yomangidwa pa buloko malo atatu osakhala pa mzere umodzi, ndi kamkono kena kogwira ku mphuno. Bulaketi yofewa imapindika injini ikamakoka, mapule n'kusemphana, lamba n'kudumpha mzere. Ikani rula yachitsulo pa nkhope za mapule. Kusemphana kusapose theka la milimita. Pule ya pa crankshaft ya kufakitale ili ndi labala pakati yochepetsa kunjenjemera kwa shafiti. Ngati mukupanga ya mizere 6, pezani njira yosunga labala imeneyo m'malo moika chimpukutu cha aluminiyamu chokhachokha.

Petulo tiwerengerenso. Pa ma rev apamwamba kunyanja injini idzameza mpweya wa magalamu 145 pa sekondi. Pa boost mumafuna gawo limodzi la petulo pa magawo 11.8 a mpweya, ndiye magalamu 12.3 pa sekondi, omwe ndi 250 cc pa mphindi pa injector iliyonse. Injector isamagwire ntchito kupyola magawo 80 pa 100 a nthawi, choncho mukufuna za 310 cc kapena kuposa. Zimene zilipo panopa zidzakhala zitatseguka kotheratu koma osakwanitsa. Za 4A-GZE za 365 cc zimakwana bwino. Yezani ndi mita musanalumikize: zikasonyeza ma ohm 2 kapena 3 zimafuna resistor, apo ayi zimawotcha ECU, kompyuta ya injini. Regulator ikhale pa 3 bar ndipo kapaipi kake kalumikizidwe ku manifold kuti petulo azikwera limodzi ndi boost. Pampu ya malita 255 pa ola ndi yoposa zofunika, koma ikani kathanki kakang'ono kosungira petulo pafupi nayo, chifukwa pa kona yaitali petulo amathawira mbali imodzi ya thanki, pampu n'kukoka mpweya, injini n'kusowa petulo ili pa boost.

ECU ya kufakitale siidziwa boost. Mukufuna yotheka kuisintha, monga Megasquirt kapena Speeduino, kapenanso za komweko monga Dicktator ndi Spitronics. Sankhani imene wokonza pa dyno (makina oyezera mphamvu ya injini) wapafupi nanu amaidziwa bwino, zimenezo ndi zofunika kuposa dzina lake. Ikhale ndi MAP sensor (yoyeza kupanikizika kwa mpweya mu manifold) ya 2 bar, sensor ya kutentha kwa mpweya yoikidwa kumbuyo kwa intercooler, ndi wideband (sensor yoyeza kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo) mu ekizozi. Pa boost lambda, nambala imene wideband imasonyeza, ikhale pakati pa 0.78 ndi 0.82. Moto ubwezedwe m'mbuyo, poyambira digiri imodzi pa 0.07 bar iliyonse, kenako wa dyno aziwonjezera pang'onopang'ono atavala zomvera kugogoda kwa injini. Muuzeni aikenso lamulo lobweza moto mpweya ukadutsa 55°C. Mapulagi akhale ozizirirapo, NGK a nambala 7, mpata wake 0.7 mm.

Zonsezi zisanachitike yezani compression ya masilinda onse anayi injini ili yotentha. Akasiyana kupyola magawo 10 pa 100, konzani injini kaye, ndipo poti mwaitsegula kale ikanimo mapisitoni a 8.9:1, maring'i apamwamba muwapatse mpata wa 0.40 mm, achiwiri 0.45 mm, mubwerere mukatenge M62 ija. Kilatchi ya kufakitale idzayamba kuterereka mu giya 4 ndi 5, ndiye isintheni injini isanalowe m'galimoto. Giyabokosi ya T50 ipirira 0.5 bar pa galimoto yopepuka ngati simukuimenya ponyamuka.

Pa dyno ku Johannesburg injini sidzafika pa mizere ya pamwamba ya mapu (matebulo a petulo ndi moto a mu ECU), ya 140 mpaka 160 kPa (1.4 mpaka 1.6 bar), chifukwa mpweya wa kumeneko sulola. Mizere imeneyo isasiyidwe ndi manambala amene ECU inabwera nawo. Wa dyno aidzaze ndi dzanja, moto wobwezedwa madigiri awiri kapena atatu kuposa mmene masamu akunenera ndi petulo wochulukirapo, ndipo ulendo woyamba wotsikira kunyanja mupite ndi pule ya 90 mm ija.